Tatuu Ili ndi Mwini, Koma Owerenga Ndi Ena

M'chaka cha 2005, wailesi yakanema ya ku America yotchedwa TLC inayamba kuonetsa pulogalamu ya Miami Ink. Inkajambulidwa m'sitolo ina ya ku Miami Beach, m'chigawo cha Florida, momwe amisiri olemba zithunzi pakhungu la anthu, monga Ami James, Chris Garver ndi Kat Von D, ankalandira makasitomala awo. Dongosolo lake silinkasintha. Munthu ankalowa n'kunena chithunzi chimene akufuna, ndipo singano isanayambe kuboola, kapena ili mkati mwa ntchito, ankafotokoza chifukwa chake. Wina bambo ake anamwalira, wina anachira ku khansa, wina anaika m'manda mwana wakhanda, wina anabwerako kunkhondo anzake atatsala komweko. Ntchito ikatha ankaima pagalasi, misozi ili lengelenge, n'kukumbatira mmisiri uja. Kenaka pankalowa wina.

Pulogalamuyo inatha mu 2008, ndipo inabala zinzake monga LA Ink, London Ink ndi NY Ink. Koma cholowa chake chachikulu ndi funso limene inathandiza kufalitsa padziko lonse: kodi tatuu yakoyi ikutanthauza chiyani? Kale ku Ulaya ndi ku America matatuu ankadziwika kwambiri ndi amalinyero, asilikali ndi akaidi, ndipo anthu odzilemekeza ankawayang'ana cham'mbali. Lero mphunzitsi, namwino ndi wogwira ntchito kubanki amakhala nawo, aliyense ali ndi nkhani yake yokonzeratu. Si Miami Ink yokha imene inasintha zinthu, koma ndi iyo imene inaika poyera chiphunzitso chatsopanochi mwaluso kuposa ena onse. Chiphunzitsocho chimati: tatuu ikakhala ndi tanthauzo kwa mwini wake ndiye kuti ndi yoyenera, ndipo tanthauzolo ndi lake yekha, palibe wina angalowererepo.

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota sanaonerepo pulogalamuyi, koma chiphunzitso chake chinafika kale pakhomo pathu. Chinafika pamikono ya osewera mpira amene anyamata athu amawaonera Loweruka lililonse, chinafika pamafoni, ndipo chinafika pathupi pa ana athu obwerera kuchokera ku Joni. Bambo akaona zolemba pamkono wa mwana wake n'kufunsa mwaukali, yankho limakhala lili pakamwa kale: ili ndi dzina la malemu amayi. Pamenepo nyumba imagawika. Ena amasowa chonena, poti ndani angadzudzule mwana wokumbukira mayi ake? Ena amapsa mtima n'kunena mawu amene amathamangitsa mwanayo pakhomo ndi kumzikiti komwe. Tikuona kuti mbali zonse ziwirizi zikuphonya, ndipo n'chifukwa chake chiphunzitsochi chikufunika kuchipeta bwino, mankhusu apite, maso atsale.

Tiyambe ndi zoona zimene zili m'menemo, pakuti zilimo. Nkhani zimene anthu amasimba za matatuu awo kawirikawiri si zabodza. Mu 2023 bungwe lofufuza la Pew Research Center linapeza kuti akuluakulu 32 pa 100 alionse a ku America ali ndi tatuu, ndipo mwa amenewa, 69 pa 100 alionse anati chimodzi mwa zifukwa zawo chinali kulemekeza kapena kukumbukira munthu kapena chinthu china. Amene anati ankafuna kuonetsa zimene amakhulupirira anali 47 pa 100, pamene ofuna kukongola anali 32 pa 100. Choncho pansi pa inki yambiri pali maliro, pali chikondi, pali mantha akuti amene tinawakonda adzaiwalika. Lionel Messi ali ndi nkhope ya mayi ake kumsana, ndi timanja ta mwana wake woyamba pamwendo wamanzere. Palibe kholo la kunyanja kuno limene silingamve chimene chinamukankha. Miami Ink inachita bwino pa chinthu chimodzi: inkapatsa munthu wosweka mtima mpata woti alankhule, ndipo wina ankamumvetsera mpaka amalize. M'dziko limene maliro amatha msanga ndipo aliyense amabwerera kuntchito, benchi ya mmisiri wa matatuu inasanduka ngati mkeka wa pasiwa. Ife amene timadziwa kukhala pamaliro ndi anamfedwa masiku angapo sitiyenera kuseka zimenezi. Tiyenera kumva chisoni kuti pali anthu amene amalipira ndalama kuti wina awamvere kulira kwawo.

Vuto loyamba la pulogalamuyi ndi pamene kamera inkazimira. Inkazima munthu ali pagalasi, inki ili yonyowa, mtima uli pachimake. Sinkabwereranso patapita zaka khumi kukamufunsa ngati akumvabe chimodzimodzi. Koma tatuu imayamba moyo wake weniweni pa tsiku limenelo. Khungu la pamwamba limasuluka n'kumera latsopano mosalekeza, n'chifukwa chake cholembera wamba chimafufutika. Singano ya tatuu imadutsa pamenepo n'kukasiya inki m'chigawo chachiwiri cha khungu. Thupi limaona inkiyo ngati mdani, ndipo maselo oteteza thupi amathamangira kukaimeza, koma amalephera kuigaya, motero amangoisunga. Akafa, ena atsopano amaimezanso pamalo pomwepo. Chimene diso limaona ngati chithunzi ndi bala limene thupi likulondera moyo wonse. Inkiyo imakhala, pamene munthu woinyamula akusintha. Wa zaka 20 ndi wa zaka 50 amagawana khungu limodzi, koma sagawana maganizo, ndipo wamng'onoyo amakhala atasankhira wamkuluyo chovala chosavulika popanda kumufunsa.

Wosewera mafilimu Johnny Depp analemba pamkono pake kuti adzakonda Winona Ryder kosatha. Chibwenzi chitatha mu 1993, anafufutitsa zilembo ziwiri za dzinalo, ndipo mawu otsalawo m'Chingelezi amatanthauza chidakwa. Dziko linaseka, naye anaseka, koma si onse amene ali ndi ndalama ndi nthabwala zothawira pamenepo. Messi yemwe uja anadzaphimba mbali yaikulu ya mwendo wake ndi inki yakuda bii, kubisa zithunzi zina zimene poyamba zinali ndi tanthauzo kwa iye. Kafukufuku wa Pew uja anapezanso kuti anthu 24 pa 100 alionse okhala ndi matatuu amanong'oneza bondo ndi imodzi kapena zingapo. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amene anaima pagalasi mosangalala anadzaimanso pagalasi lomwelo ali ndi nkhope ina, ndipo gawo limenelo silinkaonetsedwa pa TLC. Kufufuta nako si masewera. Makina a laser amaphwanya inki pang'onopang'ono, munthu amapitako maulendo ambiri motalikirana masabata, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa kulemba. Pakhungu lakuda ngati lathuli ngozi ndi yaikulu, chifukwa kuwalako kungawononge mtundu wa khungu n'kusiya mawanga, kapena zipsera zotupa zimene sizitha.

Asodzi athu amadziwa bwino za kulemba mawu a mumtima pa chinthu chooneka. Boti limalembedwa dzina la mwana, dzina la mayi, kapena mawu othokoza Mulungu. Koma boti likagulitsidwa, kapena mtima wa mwini ukasintha, chitini cha penti chimathetsa nkhani tsiku limodzi. Nsalu yolembedwa mawu oswa mtima wa mnzako imatha kuikidwa pansi pa sutikesi mkangano ukatha. Makolo athu ankadziwa kuti mawu a munthu amafunika khomo lotulukira. Khungu lilibe khomo lotero.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba. Chiphunzitso chija chimati tanthauzo ndi la mwini yekha. Koma cholembedwa chilichonse chimalembedwa kuti chiwerengedwe, ndipo wowerenga sapempha chilolezo kwa wolemba. Tatuu ya kumsana mwini wake saiona n'komwe popanda magalasi awiri. Amaiona ndi ena. Mu 2019 woimba Ariana Grande analemba pachikhatho chake zilembo za Chijapani pofuna kutchula nyimbo yake yonena za mphete zisanu ndi ziwiri. Anthu a ku Japan atawerenga anapeza dzina la kambaula kowotchera nyama. Mumtima mwake munali mphete, koma kwa anthu oposa mamiliyoni zana odziwa chinenerocho panali mbaula, ndipo cholinga chake sichikanasintha chimene zilembozo zimanena. David Beckham naye analemba dzina la mkazi wake m'zilembo za Chihindi, ndipo odziwa zilembozo anaona kuti munalowa chilembo chowonjezera.

Izi n'zoseketsa, koma kumene ana athu amapita kukasaka ganyu nkhaniyi siseketsa. M'ndende za ku South Africa muli magulu a zigawenga odziwika ndi manambala 26, 27 ndi 28, amene mbiri yawo imayambira kwa Nongoloza Mathebula, mtsogoleri wa achifwamba wa m'mapiri ozungulira Johannesburg chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mtolankhani Jonny Steinberg anafotokoza moyo wa magulu amenewa m'buku lake la mu 2004 lotchedwa The Number, potsata mbiri ya mkaidi wina wa ku Pollsmoor, ku Cape Town. Kumeneko zolemba za pathupi ndi chiphaso. Zimanena gulu la munthu ndi udindo wake, ndipo odziwa kuwerenga amaziwerenga mofulumira ngati chikwangwani cha pamsewu. Tiyerekeze mnyamata wa kwathu kuno amene anabadwa pa 28, nalemba nambalayo pamkono pokondwerera tsiku lake lobadwa, kenaka n'kukapeza malo ogona m'dera lina la Cape Town. Tanthauzo lake ndi losalakwa, koma adzalifotokozera ndani, ndipo adzapatsidwa mpata wofotokoza? Nawonso akaidi otuluka m'ndendezo amadziwa kuwawa kwa zimenezi. Munthu atha kusiya gulu, kulapa, kuyamba kupemphera, koma akapita kukapempha ntchito nkhope yake imayamba kulankhula iye asanatsegule pakamwa, ndipo imalankhula za munthu amene iye anamusiya kalekale.

Chitsanzo cholemera kwambiri chili ku Auschwitz, msasa wa chipani cha Nazi m'dziko la Poland, kumene kuyambira mu 1941 akaidi ankadindidwa nambala pathupi, makamaka pamkono wamanzere, kuti dzina la munthu lisanduke chiwerengero. Patapita zaka zambiri, zidzukulu zina za opulumuka zinayamba kulemba nambala za agogo awo pamikono yawo pofuna kuti mbiriyo isaiwalike, ndipo filimu ya mu 2012 yotchedwa Numbered inakhudzapo zimenezi. Ena anaona ulemu waukulu. Ena, ngakhale pakati pa Ayuda okhaokha, zinawapweteka kuona chidindo cha wopondereza chikubwerezedwa mwakufuna. Nambala ndi yomweyo, cholinga cha mdzukulu ndi choyera, koma mkanganowo ukutiphunzitsa kuti ngakhale cholinga choyeretsetsa sichitha kulamula chimene diso la wina lidzaone.

Vuto lachitatu ndi lakuti nkhani zija zinkasimbidwira m'sitolo. Sitikunena kuti amisiri aja analibe chifundo chenicheni, koma pulogalamu ya pakanema imafuna oonera, ndipo sitolo imafuna makasitomala. Misozi inkakopa onse awiri. Munthu wongofuna chithunzi cha mkango chifukwa mkango ndi wokongola sakanadzaza mphindi za pakanema, motero nkhani inasanduka tikiti yolowera. Zotsatira zake n'zakuti lero aliyense amakakamizika kukhala ndi tanthauzo lozama, ngakhale amene anangotengera mnzake, ndipo nthawi zina nkhani imapekedwa inki itauma kale. Chodabwitsa n'chakuti zithunzi zimene amati ndi za mumtima mwa munthu mmodzi zimafanana paliponse. Kuyambira pamene Samuel O'Reilly analembetsa makina amagetsi olembera matatuu ku New York mu 1891, masitolo akhala akupachika pakhoma mapepala a zithunzi zokonzeratu kuti kasitomala aloze chimene akufuna. Lero khoma limenelo ndi Instagram ndi Pinterest. Mkango wovala chisoti chachifumu, wotchi yopanda mivi, duwa, nkhunda, manja opemphera: zonsezi zili pamikono ya anthu osawerengeka kuchokera ku London mpaka ku Durban, aliyense akukhulupirira kuti akunena chinthu chimene palibe wina ananenapo. Chisoni cha munthuyo n'chake ndithu, koma chovala chimene achiveka n'cha pa kaunjika.

Apa mpamene mbiri yathu ingatithandize kuona bwino, pakuti kulemba pakhungu si chinthu chachilendo kuno. Agogo athu ankatema mphini kumaso, pachifuwa, pamimba ndi m'ntchafu, n'kupakamo makala kuti zioneke, ndipo mpaka lero timanena kuti mphini yobwereza ndiyo imawala. Alendo a ku Ulaya monga David Livingstone analemba kuti mitundu ya anthu a m'zigawo zino inkadziwika ndi zizindikiro za pakhungu. Amakonde a kumpoto kwa Mozambique anali ndi zolemba zawo za kumaso zotchedwa dinembo. Koma palibe gogo amene ankanena kuti mphini zake zili ndi tanthauzo lake lachinsinsi. Mphini zinali chinenero cha mudzi wonse. Zinkanena kuti uyu ndi wa mtundu uwu, uyu wakula, uyu wakonzeka kulowa m'banja, ndipo aliyense wokumana naye pachitsime ankatha kuwerenga. Sitikuzikometsera, pakuti atsikana ambiri ankatemedwa popanda kufunsidwa, ndipo lumo limodzi linkayenda pa anthu angapo. Tikungoona kuti makolo sankadzinamiza za amene ali mwini wa tanthauzo. Ankadziwa kuti ndi owerenga. Umboni wake ndi wakuti owerengawo atatha, sukulu, zipembedzo ndi matauni zitasintha maso a anthu, mphini za kukongola zinasiya kutemedwa mkati mwa mibadwo yochepa, ndipo agogo otsala nazo anapezeka atanyamula kalata imene zidzukulu zawo sizitha kuwerenga.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ili ndi chigamulo, ndipo sitiyenera kuchibisa. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli mawu amphamvu a Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), ofotokozedwa ndi maswahaba monga Abdullah ibn Umar, otemberera wolemba tatuu ndi wopempha kulembedwa. Abdullah ibn Mas'ud anagwirizanitsa mchitidwewu ndi kusintha chilengedwe cha Allah, chinthu chimene Qur'an, mu Surat an-Nisa ndime 119, imachitchula pakati pa zimene Satana analonjeza kuti adzalamula anthu. Pachifukwa chimenechi maulama ochuluka a Ahlus-Sunna amati tatuu yokhalitsa ndi haramu. Maziko ake ndi akuti thupi si katundu wathu woti tichite naye zimene tafuna. Ndi chosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za icho. Apa Chisilamu chikusiyana ndi Miami Ink pamuzu penipeni. Pulogalamuyo imati khungu ndi lako, lembapo mbiri yako. Chisilamu chimati khungulo unabwerekedwa, ndipo Qur'an imatiuza kuti pa Tsiku la Chiweruzo makungu a anthu adzapereka umboni wa zimene eni ake ankachita. Tanthauzo labwino silisandutsa choletsedwa kukhala chololedwa, monga mmene munthu sangamwe mowa pokumbukira bambo ake n'kunena kuti chikondi chayeretsa botolo.

Koma maulama omwewo anatisiyira zina zimene ambiri mwa ife timaziiwala tikapsa mtima. Imam an-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, ndi mmodzi mwa nsanamira za madhihabu a Shafi'i amene Asilamu ambiri a kunyanja kuno timatsatira. Pofotokoza Hadith imeneyi m'buku la Muslim, iye anati tatuu ichotsedwe ngati n'zotheka popanda kuvulaza, koma ngati kuchotsako kungawononge chiwalo kapena kusiya chilema choonekera, sikukakamizidwa, ndipo munthu akalapa alibenso tchimo ngakhale chizindikirocho chitatsala. Anatinso mwana amene analembedwa asanakule alibe mlandu, mlandu ndi wa womulembayo. Ibn Hajar al-Asqalani, m'buku lake lofotokoza Bukhari, anasunga nkhani ya munthu amene analowa m'nyumba ya Abu Bakr as-Siddiq n'kuona kuti dzanja la mkazi wake, Asma bint Umays, linali ndi tatuu, ndipo maulama anati iyenera kuti inalembedwa chiletso chisanabwere. Tiganizire bwino zimenezi: m'nyumba ya Khalifa woyamba munali mayi wolemekezeka wokhala ndi chizindikiro pakhungu, ndipo palibe anamuchotsera ulemu wake. Tikudziwanso kuti Mtumiki anauza Amr ibn al-As kuti kulowa Chisilamu kumafafaniza zimene zinapita. Komanso maulama ambiri a masiku ano amafotokoza kuti popeza inki ili mkati mwa khungu, siitchinga madzi, motero wudhu ndi Swala za munthu wolapa n'zolandirika.

Kumene mfundo zimenezi zinaiwalika kwachitika nkhanza. Ku Morocco, Algeria ndi Tunisia, amayi achisilamu a mtundu wa Amazigh akhala akulembedwa zizindikiro pachibwano, pamphumi ndi m'manja kwa zaka mazana ambiri, ambiri a iwo ali atsikana ang'onoang'ono. Mwambowo watsala pang'ono kutheratu, koma agogo ena amene anatsala nazo akhala akuuzidwa ku ukalamba kwawo kuti nkhope zawo ndi tchimo, ndipo ena amachita manyazi ndi chinthu chimene sanasankhe. Tisalole kuti zimenezi zichitike kwa agogo athu a mphini, kapena kwa m'bale amene walowa Chisilamu ali ndi mtanda pamkono, kapena kwa mnyamata wobwera ku Joni amene wayamba kuima pamzere wa Swala atavala malaya a manja aatali kunja kukutentha. Munthu wochititsidwa manyazi amatha kudziwotcha ndi chitsulo chamoto kapena kudzithira mankhwala owononga khungu pofuna kufufuta, n'kuwonjezera bala pa bala. Wotero apite kwa dokotala ndi kwa shehe wodziwa, osati kwa mnzake wokhala ndi lumo. Ndipo amene sanalembedwe adziwenso kuti singano yogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo imafalitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ngakhalenso HIV.

Tikaona zonsezi, funso la Miami Ink silinali loipa. Linkangofunsidwa pamalo olakwika, pamene yankho lake linali limodzi lokha, singano. Funso lomwelo likafunsidwa pakhonde la kwathu, mwana asanapite kukalembedwa kapena ngakhale atalembedwa kale, lingatsegule njira zina. Bambo amene angaugwire mtima n'kufunsa kuti, mwana wanga, unkafuna kukumbukira chiyani, adzamva zinthu zimene mwina sanazimvepo: kuti mnyamatayo anali kutali pamene mayi ake ankaikidwa m'manda ndipo sanathire nawo dothi, kuti kuchilendo ankaopa kuiwala kwawo, kuti analibe womuuza. Chigamulo chidzanenedwa ndithu, koma chimalowa bwino m'khutu la munthu amene wamveredwa kaye.

Ndipo tili nazo nyumba zabwino zosungiramo chikondi chimenecho. Dzina la mayi likalembedwa pamkono silifika kwa mayiyo; limatsala ndi mwana, n'kumafwifwa pamodzi ndi khungu lake. Koma tinaphunzitsidwa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa anthu, ndi mwana wabwino womupempherera. Ndalama zimene zikanapita kwa mmisiri wa matatuu zitha kuthandiza kukonza mjigo wa m'mudzi, kugula mabuku a kumadrasa, kapena kulipirira sukulu mwana wamasiye m'dzina la malemuwo. Mwana wamkazi wobadwa m'banjamo atha kupatsidwa dzina la agogo ake, ndipo dzinalo lidzaitanidwa pabwalo m'mawa ndi madzulo, lidzayankha, lidzakula. Ngakhale pa kudzikongoletsa sitinamanidwe: hina amene akwatibwi athu amapaka m'manja pa nikah ndi wololedwa kwa amayi, ndipo amafufutika pakatha masabata ochepa, mogwirizana ndi mmene chisangalalo cha tsiku limodzi chimakhalira.

Owerenga omaliza a khungu la Msilamu aliyense ndi anthu ochepa amene adzamusambitse asanamukulunge m'sanda. Iwo adzaona zonse, mphini za agogo, zipsera za mbedza ndi nkhafi, dzina la chibwenzi chakale, nambala ya kundende. Chipembedzo chathu chimawalangiza kuti choipa chilichonse chimene aona pa mtembo achibise, asakachinene kunja. Ngati timalamulidwa kusunga ulemu wa m'bale wathu pamene sangathenso kudziyankhira, ndiye kuti tiyenera kuusunga koposa pamene ali moyo, akutha kumva, ndipo khomo la kulapa lidakali lotsegula kwa iye monga lilili kwa ife tonse.